Chala Kunja

Pa thumba la nandolo, kuseri kwa phiri ku Namwera,
Sajeni Likoswe anayala mfuti ziwiri
ngati wogulitsa mipeni tsiku la msika.
Iyi, anatero, ndi ya gudumu, zipolopolo zisanu,
siitsamwa, siinyanyala,
koma ndi yotupa mimba, aliyense adzaona kuti wabisa kanthu.
Iyi ndi yopyapyala ngati kabuku ka ngongole,
imagona bwino pansi pa chitenje,
koma imafuna dzanja losanjenjemera
ndi munthu wosaiwala kuipukuta.

Ndinasankha yopyapyala.
Sikuti ndinaganiza mozama ayi.
Inangokwana m'dzanja lomwe lija
analiponda ndi jombo pa Chowe,
tsiku limene anatchinga msewu ndi miyala
natenga ndalama za alimi makumi anayi
pamodzi ndi mpango wa kumutu kwanga.

Chiphaso ndinachidikira miyezi isanu ndi inayi,
nthawi yokwana kuumba munthu.
Zidindo, zala mu inki, mafunso:
Mayi Asiyatu, kodi mumapsa mtima msanga?
Ndinati ayi.
Ndinanama pang'ono.

Masabata atatu Sajeni sanandipatse chipolopolo.
Tulutsa, bweza. Tulutsa, bweza.
Chitenje chikukola, mangira kumanzere.
Chala kunja!
Mfuti ilibe m'bale, ankatero,
ndipo imene ankati ilibe kanthu
ndi imene inamudula mwendo mnzanga.
Usanayang'ane chandamale, yang'ana kuseri kwake:
kuli mbuzi? Kuli mwana wotola malambe?
Chipolopolo sichimva pepani.

Tsiku loyamba kuwomba
makutu analira ngati nyenje za mu Okutobala.
Fungo la wonga linandikakamira mpaka Lachisanu,
ndinalowa nalo mumzikiti mwamanyazi.
Chitini cha mafuta chili chiimire, chikundiyang'ana.
Sajeni anaseka: waphako fumbi.

Mwezi wachiwiri chitini chinagwa.
Ndinakachitola.
Kutsogolo kabowo koti nkulowa chala cha khanda,
kuseri chitsulo chang'ambika, chayasama.
Ndinachitembenuza kawiri, osalankhula.
Chimwemwe chimene ndinkachiyembekezera sichinabwere.

Ndiye usiku uja kwathu kwa Mponda,
magetsi atazima, kutentha kosagoneka,
ndalama za soya zili pansi pa matiresi,
ndinamva njerwa ikugwa pampanda.
Kenako phazi. Kenako lina.

Thupi linakumbuka lokha.
Tulutsa.
Msana kukhoma, mpope pansi,
mtima ukusinja m'khosi,
Chowe yense wabwerera m'maso mwanga,
jombo ija, kuseka kuja,
ndipo chala chinkafuna kulowa,
ndikunena zoona, chinkafuna,
koma mawu a mkulu uja anachigwira ngati mbano.

Ndani?
Zii.
Ndani, ndati!

Chifuwa.
Chifuwa chouma, chodukiza kawiri,
chimene ndakhala ndikuchigulira mankhwala
kuyambira mwiniwake ali kumsana kwanga.
Twaibu, nsapato m'manja,
akuchokera kokaonera mpira wa usiku pa kanema.

Amayi, simunagone?

Bweza.
Ndinati kagone, tikambirana mawa.
Sitinakambirane.
Mpaka lero amayesa kuti ndinangomukhululukira.

Kutacha ndinawerenga zipolopolo pa mphasa.
Zonse zinalipo.
Ndinawerenganso.

Loweruka ndinakwera kubwerera kuphiri.
Sajeni sindinamuuze kanthu,
ndinangomulipira mwezi wina.
Anandiyang'ana nthawi yaitali
nati lero sitiwomba,
lero tiphunzira kufuula ndi kudikira yankho.

Ndimayenda nayobe.
Powoloka mlatho wa Shire pa kabaza
ndimakhala mopendekeka, mnyamata amadandaula.
Kumsika amati Asiyatu wayamba kunyada,
salola amayi anzake kumugwira m'chiuno.
Mdzukulu wanga akathamanga kudzandikumbatira
ndimatembenuka msanga,
kumupatsa mbali ya kumanja,
kumene kudakali mnofu wokhawokha.